Nsengwa Isamakwiriridwe Isanafunsidwe

Mayi akapita padera kapena akabereka nthayo, m'midzi mwathu nkhani imatha msanga. Amayi akuluakulu amakaika kamtemboko mwakachetechete, popanda kulira maliro, ndipo nsengwa imakwiriridwa kapena kuponyedwa m'dzenje la kuchipatala. Chotsala ndi manong'onong'o. Ena amati mayiyo anayenda m'mbali, ena amati bambo sanasunge mwambo ndipo wabweretsa mdulo, enanso amaloza gogo wa kuseri kwa nyumba kuti ndi mfiti. Mabanja apasuka motere, pamene mboni yeniyeni ya mlanduwo yakwiriridwa isanafunsidwe kanthu.

Chimanga chikafota m'munda, mlimi wanzeru amazula phesi limodzi n'kuona kumizu ngati kuli chiswe. Nsengwa ndiyo mizu ya mwana m'mimba. Chakudya ndi mpweya zimadzera mmenemo, ndipo matenda ambiri amene amapha mwana amasiyamo mapazi awo. Bungwe la United Nations linawerengera kuti m'chaka cha 2021 ana pafupifupi 1.9 miliyoni anabadwa akufa padziko lonse, ndipo pafupifupi theka la iwo anali a mu Africa muno, kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Kuyezako kumayamba ndi maso. Namwino amaiyeza kulemera kwake, popeza nsengwa ya mwana wa miyezi yokwanira imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Amaona ngati yatuluka yonse, ngati chingwe cha mchombo chili ndi mitsempha itatu, ndiponso ngati kumbuyo kwake kuli chibuluma cha magazi oundana, chizindikiro chakuti inamatuka nthawi isanakwane. Nsengwa yaying'ono ya zigamba zolimba, zoyererako, imakonda kuyenda pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Yaikulu mopitirira ndi yotumbuluka imakayikitsa chindoko.

Pamene zipangizo zilipo, amadulako tizidutswa, n'kutisunga m'mankhwala a formalin, n'kutumiza kwa akatswiri oona ndi maikulosikopu, monga a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kapena ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Apa m'pamene malungo amagwidwa. Tizilombo ta malungo timakonda kuunjikana m'nsengwa, makamaka pa mimba yoyamba, moti magazi a pachala angathe kusonyeza kuti mayi alibe malungo pamene nsengwa yadzala nato. N'chifukwa chake dziko la Malawi linayamba kupereka Fansidar kusikelo mu 1993. Chindoko nacho chimachizika ndi jakisoni wa penisilini, bola bambo abayitse nawo, apo ayi adzampatsiranso mkazi wake.

Palinso mimba ina yonyenga imene m'malo mwa mwana mumatuluka timatuza tamadzi tokhala ngati mphesa. Mayi wotere ayenera kumayezedwa kwa miyezi ingapo asanatengenso pathupi, pakuti nthawi zina zotsalira zake zimasanduka khansa. Zotulukazo zikangotayidwa kuchimbudzi usiku, adziwa ndani?

Sikuti kuyeza kumayankha zonse. Nthawi zina akatswiri sapeza kanthu. Ndiponso mwa mimba zimene zimachoka m'miyezi itatu yoyamba, pafupifupi theka zimachoka chifukwa mluzawo unaumbika molakwika kuyambira pachiyambi, popanda chimene mayi kapena bambo anachita. Mawu amenewa apongozi ayenera kuwamva kuchokera kwa inu alangizi.

Ngozi ikachitikira kunyumba, uzani abale akulunge nsengwa kapena chilichonse chotuluka m'pepala la pulasitiki loyera, osatsuka, osathira phulusa, ndipo apite nazo kuchipatala pamodzi ndi mayiyo tsiku lomwelo. Ulendowu ungapulumutsenso moyo wake, pakuti kachidutswa kotsalira m'chiberekero kamataitsa magazi ndi kuyambitsa mafinya. Zipatala zazing'ono zambiri sizingathe kutumiza tizidutswa kutali, koma kuona nsengwa, kuyeza chindoko, malungo ndi kuthamanga kwa magazi, zimatheka. Pemphani kuti zimene apeza azilembe m'buku lake la kuchipatala, kuti akadzaimanso, namwino wa kusikelo adzadziwe poyambira.