Setilaiti inamuona Freddy, koma kodi imamuona mlimi wa ku Muloza?

Namondwe wa Freddy sanabwere mozemba ngati mbala ya usiku. Makina a setilaiti, aja amakhala m'mlengalenga kumajambula dziko, anamuona akuyambika kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anamutsata akuoloka nyanja yonse ya Indian, akuomba Madagascar pa 21 Febuluwale, akulowa mu Mozambique pa 24, akubwerera kunyanja, kenaka n'kudzatulukiranso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti Freddy anatha masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotere. Choncho kwa mwezi wathunthu akatswiri okhala pa kompyuta ankadziwa kumene iye ali usana ndi usiku. Komabe pamene matope, miyala ndi mitengo zinkatsika m'phiri la Mulanje, zinapeza anthu a ku Muloza, kwa Mfumu Yaikulu Njema, ali m'midzi mwawo.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. M'dziko muno anthu 679 anatsimikizika kuti amwalira, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, kuseri kwa phiri lomweli, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a dziko lino salandira ngakhale chaka chathunthu. Minda ina imene inali ya chimanga, nandolo ndi chinangwa inasanduka mchenga ndi miyala.

Sitikunena kuti a nthambi yoona zanyengo anagona. Chenjezo analipereka, ndipo linamveka pa wailesi masiku angapo namondweyo asanafike. Vuto lathu lili pa mtundu wa chenjezolo. Mawu amene tinazolowera akuti "samukirani kumtunda" ndi oyenera munthu wa ku Nsanje kapena Chikwawa, amene mdani wake ndi Shire. Nanga wa ku Muloza, amene kumtunda kwake ndi phiri lomwe likugumukalo, athawire kuti? Makolo athu ankadziwa kuti phiri limatha kutsika, ndipo anachipatsa dzina chinthucho kuti Napolo. Mu Malichi 1991 Napolo anapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Patapita zaka 32, dziko linali lisanakonzebe uthenga wapadera wa anthu okhala m'tsinde mwa mapiri, wonena mitsinje yoopsa ndi malo othawirako omwe munthu angafike wapansi atabereka mwana.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa pang'ono mmene makinawa amagwirira ntchito. Setilaiti za Meteosat, zomwe mayiko a mu Africa amadalira, zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi. Sizitunga mvula m'ndowa. Chimene zimayeza kwambiri ndi kuzizira kwa pamwamba pa mitambo: mtambo ukakhala wautali ndi wozizira, kompyuta imaganiza kuti pansi pake pakugwa mvula yambiri. M'chigwa njirayi imagwira bwino ndithu. Koma ku Mulanje kuno mvula yambiri imapangidwa ndi phiri lenilenilo, pamene mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya ku Mozambique yagunda phiri n'kukwera. Mitambo yake imakhala yotsika, monga ija ya chiperoni, ndipo makina akumwamba amatha kuichepetsa. Mlimi wa tiyi ku Limbuli akhoza kunyowa tsiku lonse pamene kompyuta ikunena kuti kunangowaza. Mankhwala ake ndi amodzi: zipangizo zoyezera mvula pansi pano, zambiri, zowerengedwa tsiku ndi tsiku, zoti zizikonza zimene setilaiti yalakwitsa.

Wina anganene kuti zimenezi n'za akatswiri, mlimi sizikumukhudza. Tiyeni tikumbutsane zimene zinachitika mu 2016. Boma linali litagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, n'kulipira madola a ku America pafupifupi 5 miliyoni. Mvula ya 2015/16 inavuta, mu Epulo 2016 boma linalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma pulogalamu ya pakompyuta ya bungwelo, yomwe imawerengera mvula kudzera pa setilaiti, inanena kuti okhudzidwa ndi anthu pafupifupi 21,000 okha, kotero palibe cholipira. Atapita kumidzi kukafufuza, anapeza kuti mu kompyutamo munalembedwa chimanga chokhalitsa m'munda, pamene alimi ambiri anali atadzala chimanga chocha msanga, chomwe ng'amba inachipeza pa nthawi yoipitsitsa. Atakonza, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni, koma ndalamazo zinafika mu Januwale 2017, anthu atavutika kale miyezi yambiri. Funso limodzi lokha, lakuti "kodi chaka chino mwadzala mbewu yanji?", likanafunsidwa kwa alimi kapena alangizi awo mvula isanayambe, likanapulumutsa miyezi yonseyo.

Nkhani imeneyi tiisunge, chifukwa masiku ano mabungwe ambiri akubwera m'makalabu ndi inshuwalansi ya mbewu yodalira setilaiti. Sitikuikana. Ili ndi ubwino wake, popeza sipafunika munthu woyendera munda uliwonse ndipo ndalama zimatha kutuluka msanga. Koma kalabu isanasaine, ifunse kuti mvula ya dera lathu aziyezera pati, m'makinamo alembamo mbewu yanji ndi tsiku liti lodzalira, ndipo makina akanena kuti mvula inagwa bwino pamene chimanga chauma, dandaulo lipita kwa yani. Wogulitsa amene sangayankhe mafunsowa m'Chichewa chomveka abwerere ndi mapepala ake.

Palinso ndalama ina yaikulu imene kusowa kwa zoyezeraku kungatitayitse. Namondwe wa Ana ndi anzake atadutsa mu 2022, gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mphamvu ya mvulayo. Koma linalephera kunena kuti kunawonjezera ndi mlingo wanji, kaamba koti m'Malawi simunapezeke malo oyezera nyengo okhala ndi kaundula wokwanira pa kafukufukuyo. Tsono taganizirani. Mayiko anagwirizana ku Egypt mu 2022 zokhazikitsa thumba lolipira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo, ndipo ku Dubai mu 2023 mayiko olemera analonjeza madola pafupifupi 700 miliyoni. Kafukufuku wa boma lathu anapeza kuti kukonza zimene Freddy yekha anaononga m'Malawi mokha kunkafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Thumba ndi laling'ono, olilira ndi ambiri. Pamlandu wotere amamveka ndi amene wabwera ndi umboni, ndipo umboni wake ndi manambala a mvula a zaka zambiri. Utsi umene watenthetsa dziko sunachokere ku Muloza, koma a ku Muloza akapita kubwalo chimanjamanja adzabwerakonso chimanjamanja.

Chodabwitsa n'chakuti manambala ena alipo kale, kungoti ali m'makabati. Minda ya tiyi ya makampani ku Mulanje ndi Thyolo yakhala ikulemba mvula tsiku ndi tsiku kwa zaka zambirimbiri, ndipo ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi omwe amatsata nyengo. Apa ndi pamene nkhani ya umwini imalowera. Lamulo loteteza umwini wa zolembalemba ndi zopekapeka, lomwe dziko lino linakonzanso mu 2016, ndi labwino, ndipo woimba kapena wolemba buku ayenera kudya thukuta lake. Koma mvula imene inagwa dzana palibe anaipeka. Dziko la America linatsegula zithunzi zake za setilaiti za Landsat kuti aliyense azitenga mwaulere kuyambira 2008, ndipo mayiko a ku Ulaya amachita chimodzimodzi ndi zithunzi za Sentinel. Ngati eni makina okwera mtengo chotere akupereka ulere, palibe chifukwa chakuti kalabu ya alimi kapena mwana wa sukulu ya ukachenjede azivutika kupeza kaundula wa mvula ya boma lake lomwe, makamaka amene anasonkhanitsidwa ndi ndalama za misonkho. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiyeni tiligwiritse ntchito.

Umwiniwu uli ndi mbali inanso imene alimi sitinayambe kuikambirana mokwanira. Tsopano kuli mapulogalamu a pafoni opereka ulangizi, monga wa Ulangizi umene bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa mu 2024, woyankha mafunso m'Chichewa pa WhatsApp pogwiritsa ntchito buku la malangizo la unduna wa zamalimidwe. Kumene mlangizi mmodzi akutumikira mabanja ochuluka zedi, chinthu chotere n'chothandiza. Koma mapulogalamu onse a mtundu umenewu amakula ndi zimene ife tikuwapatsa: chithunzi cha tsamba lodwala, kukula kwa munda, mbewu imene tadzala, matumba amene takolola. Zikasonkhanitsidwa za alimi zikwizikwi, zimakhala chuma, chifukwa wodziwa zokolola za Mulanje yense nandolo asanakhwime ndiye amafika pamsika akudziwa kale mtengo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024. Aliyense wobwera kudzalemba mayina ndi minda ya mamembala anene poyera kuti uthengawo ukasungidwa kuti, ndani akauone, ndipo kalabu ilandire kope la zonse zimene zalembedwa.

Tisaiwalenso kuti Muloza ndi m'malire. Mtsinje wa Muloza ndi wa Ruo amatilekanitsa ndi Mozambique pamapu pokha. Chimanga chambiri chimene chimapulumutsa chigawo cha kummwera pa nthawi ya njala chimaolokera pomwepa kuchokera ku Milange, china pa njinga zakapalasa. Namondwe akachokera ku Quelimane amayamba wadutsa m'minda ya anzathuwo asanafike kwathu, ndipo mvula ikaononga kwawo, mtengo wa chimanga pa Limbuli umakwera. Chenjezo la mbali ziwirizi liyenera kuyendera limodzi, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, pa wailesi za m'madera monga Mzati, osati kudikira kuti lizungulire ku Maputo ndi ku Lilongwe.

Bungwe la United Nations linalonjeza kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko adzakhala akufikiridwa ndi chenjezo la ngozi za nyengo. Nthawi yatsala pang'ono, ndipo anamondwe sakudikira: pambuyo pa Freddy kunabwera Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025. Tikupempha khonsolo ya Mulanje, nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti mvula ikubwerayi isanayambe akhale pansi ndi mafumu ndi makomiti a m'midzi ya kwa Njema, ayende nawo m'mitsinje yotsika m'phiri, agwirizane malo othawirako mudzi ndi mudzi. Ndipo ife m'makalabu tisadikire. Chipangizo choyezera mvula si chodula ngati thumba la feteleza. Kalabu iliyonse ipeze chimodzi, ichiike pamtetete kutali ndi mitengo ndi madenga, isankhe membala woti aziwerenga m'mawa uliwonse nthawi yofanana, azilemba m'kope pamodzi ndi tsiku limene anthu adzala ndi mtundu wa mbewu, ndipo pakutha pa mwezi mlangizi wa dera azilandira manambalawo n'kusainira.