INU OTUMIZA MAVIDIYO OLEMERA, TIMVERENI CHISONI

Abale anga a m'magulupu a kunyanja, kuyambira ku Makawa, Malembo, Msaka mpaka ku Makanjira, lero ndilankhula. Wokwiya akwiye.

Khalidwe lotumiza vidiyo ya mphindi 6 ngati document lithe. Mukatumiza choncho, WhatsApp siyichepetsako ngakhale pang'ono, imabwera ndi kulemera kwake konse. Mphindi imodzi yojambulidwa pa 1080p imatha kupitirira ma MB 100. Werengani nokha. Bandulo ya TNM kaya Airtel imene mayi wogulitsa usipa wagula kuti amve mitengo ya ku Limbe yathera pa gule wa paukwati wa munthu amene sakumudziwa n'komwe.

Mumati, "Ndiye asatsegule." Aise, adziwa bwanji zili m'katimo asanatsegule? Mwina ndi maliro. Mwina boti lasowa. Amatsegula chifukwa cha mantha.

Ndipo iyi si nkhani ya makwacha okha. Nyengo ya mwera, chenjezo la a zanyengo limadutsa m'magulupu omwewa. Munthu bandulo ikamuthera masana, uthenga wa madzulo sauona, amalowa pamadzi ndi chilimira chake osadziwa kanthu. Mudzati chiyani kwa mkazi wake?

Ena akuti amafuna "quality". Quality yake iti pa kagalasi ka Itel kong'aluka? 720p siyikwana ngakhale theka la timadontho ta 1080p, koma nkhope ikuoneka, nambala ya boti ikuwerengeka. Usipa wopita kutali timayamba tauyanika pathandala. Madzi amachoka, nsomba imatsala. Vidiyo ndi chimodzimodzi.

Chitani izi basi:

1. Mu settings ya kamera ikani 720p.
2. Musanatumize, dulani. WhatsApp ili ndi podulira pamwamba pa vidiyoyo. Masekondi 30 akwana.
3. Tumizani kuchokera mu gallery, osati document, ndipo ka HD kaja kasiyeni.
4. Lembani pansi pake kuti muli chiyani, munthu asankhe yekha.
5. Ngati ndi mawu chabe, voice note ilipo.

Ma admin, inunso musamangoonerera. Wotumiza chimtolo muuzeni kamodzi, akabwereza mufufutireni.

Tumizani ku magulupu ena. Uthenga uno ndi mawu okhaokha, sukudyerani bandulo.

Ndine mwana wa msodzi, Mangochi.