Helen Keller analemba yekha, musanamizidwe

Bodza limene linayamba kufala pa TikTok cha m'ma 2020 lafika mpaka m'mafoni a kuno kwathu ku Minga. Akuti Helen Keller, mayi wa ku America amene sankaona kapena kumva, sakanatha kuphunzira ndi kulemba mabuku, ndiye kuti aphunzitsi ake ndiwo ankamulembera. Ife tikukana.

Keller anabadwa mu 1880 ku Tuscumbia, m'chigawo cha Alabama. Matenda anamulanda maso ndi makutu ali ndi miyezi 19. Mu 1887 kunabwera mphunzitsi Anne Sullivan, amene ankalemba zilembo ndi zala m'chikhatho cha mwanayo mpaka anazindikira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina. Pomvetsera munthu, Keller ankaika chala chachikulu pakhosi pa wolankhulayo, zala zina pamilomo ndi pamphuno, n'kutola mawu m'kunjenjemera kwa thupi. Mafilimu akale oonetsa zimenezi alipo. Anawerenga zilembo za Braille, analemba pa taipi, ndipo mu 1904 anamaliza digiri ku Radcliffe College.

Okayikira ali ndi kamfundo kamodzi koona. Ali ndi zaka 11, Keller analemba nthano imene inafanana kwambiri ndi ya Margaret Canby, ndipo sukulu yake ya Perkins inamufunsa mafunso mwamphamvu. Koma nanga ndi mwana uti wa zaka 11 amene sanabwerezepo nthano ya agogo ake n'kumaiyesa yakeyake? Chimene ofalitsa bodzawa satchula n'chakuti Sullivan anamwalira mu 1936, koma Keller anapitiriza kulemba, ndipo mu 1955 anatulutsa buku lonena za mphunzitsi wakeyo. Womwalirayo anamulembera bwanji? Mu 1951 anayendera South Africa, anthu anamuona ndi maso awo. Ndipo si iye yekha: Haben Girma, mwana wa makolo ochokera ku Eritrea ndi Ethiopia, amene nayenso ndi wosaona ndi wosamva, anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Harvard mu 2013.

Chotidetsa nkhawa si mbiri ya Keller, iye anapita kale mu 1968. Ndi mwana wosaona kapena wosamva wa m'mudzi wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene amatsekeredwa m'nyumba anzake akamapita kusukulu, makolo atanena kuti ameneyu sangaphunzire, kapena kuti anamulodza. Bodza lotere limalimbitsa maganizo amenewo, ndipo amene amalipira ndi mwanayo.

Chigawo chathu cha Kum'mawa sichachilendo pa ntchito yophunzitsa ana otere. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed anatsegula sukulu ya ana osaona mu 1905, chaka chimodzi chabe Keller atalandira digiri, ndipo komweko kulinso sukulu ya ana osamva. Kholo la ku Minga limene lili ndi mwana wotere likwere basi pa Great East Road, likafunse aphunzitsi a kumeneko njira yoyambira.