Mutu si injini ya Yamaha

Anzanga, bala la pamutu likauma si kuti ubongo wachira ayi. Mnyamata wa kabaza akagwa pamsewu wa Chitipa-Karonga, amangotuluka m'chipatala n'kukweranso njinga, ati bwana akufuna zake. Masana maso alemera, chenji waiwala, ife n'kumati ulesi. Si ulesi, kutopa kumeneku kumatenga miyezi. Ine ndikamanga injini ya boti sindiithamangitsa tsiku loyamba.

Yambani ndi maola awiri m'mawa, pumani musanatope, mowa usiyeni kaye. Mukasanza, kukomoka kapena mutu ukanyanya, thamangirani kuchipatala cha Chitipa, zikavuta amatumiza ku Mzuzu Central.

Eni njinga, tsitsani target. Akagwanso, mutaya munthu ndi njinga yomwe.

Tumizirani anzanu.