Choko masana, burashi usiku

Kuchipinda kwanga kwatsamira chithunzi chomwe ndinachiyamba miyezi itatu yapitayo. Ndi cha mayi wa pamsika wa Lizulu, beseni la mbatatesi pamutu, mwana kumbuyo, akuthamangira basi pamsewu wa M1. Nkhope yokha ndiyo sindinajambule. Ndikaweruka kusukulu ndimafika ndi mulu wa makope ochonga, madzi akadali kumjigo, ndiwo zisanatereke. Pomwe ndizigwira burashi, tulo tandipeza kale.

Aphunzitsi anzanga amandimvera chisoni. "Amadamu, sankhani chimodzi," amatero, "mapanga awiri avumbwitsa." Ine ndikamva za mapanga, mtima umathamangira ku Chongoni, kwa anansi athu a ku Dedza.

Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira adasiya ndi Akafula. Zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri mwa izo n'zokhudza chinamwali. Amayi ankajambula ndi dothi loyera polangiza atsikana. Namkungwi sadafunsidwepo ngati ndi mphunzitsi kapena waluso. Thanthwe lidali bolodi lake.

Choncho amene amati kujambula n'kwa amuna, ife tizingozira nyumba ndi kuumba mbiya, mbiri yathu sakuidziwa. Ngakhale lero, Eva Chikabadwa amaphunzitsa zaluso ku yunivesite ku Zomba, osataya luso la manja ake.

Komabe sindingonyadira agogo athu n'kuthera pomwepo. Mwambo wambiri wa kutsimba unkaphunzitsa mtsikana kugwada, kuzolika ndi kupirira. Ndikufuna kutenga njira yawo, koma uthenga ukhale wa nthawi yathu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, komabe m'kalasi mwanga malo a mtsikana amatha kukhala opanda munthu, n'kumva kuti adalowa m'banja.

Sabata yatha ndinanyamula chithunzi chosathacho kupita nacho ku phunziro la Expressive Arts. Utoto kusukulu kulibe, ndiye tinatola makala, dothi la katondo ndi makatoni. Ndinafunsa ana kuti mayiyu akhale ndi nkhope yotani. Anyamata anati aziseka, kuti makasitomala agule. Mtsikana wina wamanyazi, yemwe sakweza mkono chisawawa, anati: "Madamu, asayang'ane pansi. Amayi anga akamatchula mtengo amamuyang'ana munthu m'maso."

Miyezi itatu ndinkadandaula kuti kalasi ikundibera nthawi yojambula, osadziwa kuti yankho landikhalira pabenchi lakumbuyo. Nthawi ndiye ikuchepabe, makope sanathe, ndipo mjigo sunasendere pafupi. Koma Loweruka lino zochapa zidikire kaye. Mayi wa pa Lizulu uja ndimupatsa maso ake.