Ba Chairman, caka canu catha

Pafupifupi bungwe lililonse la mamembala mu Lusaka, Kitwe kapena Chipata limakamba cinthu cimodzi: tikukonza atsogoleli a mawa. Gulu la azibambo ku chechi limatelo, ma old boys a pasukulu amatelo, ngakhale bungwe la anthu ocokela mudzi umodzi okhala m'tauni limatelo. Koma funsani kuti chairman anakhala liti pampando. Nthawi zambili mudzapeza kuti ni mdala uja amene analipo kale inu muli mu grade 7. Bungwe lotele silikonza mtsogoleli aliyense. Acinyamata ake amangophunzila kunyamula mipando na kuomba m'manja.

Utsogoleli saphunzila pa workshop ya masiku aŵili ku lodge, kumene mumabwelako na T-shirt na certificate. Munthu amaphunzila akapatsidwa buku la ndalama za anzake, akatsogolela miting'i ya anthu okwiya, akakonza cocitika cimene cikalephela aliyense adzaloza iye. Zimenezi zimapezeka pampando cabe. Ngati mpando sutuluka m'manja mwa munthu mmodzi, ndiye kuti sukulu yonse ili na mwana mmodzi.

Mabungwe ena anaona vutoli kalekale. JCI, imene inayambila ku St. Louis mu 1915, imalandila anthu a zaka 18 mpaka 40, ndipo udindo uliwonse ni wa caka cimodzi. Rotary, imene Paul Harris anayambitsa ku Chicago mu 1905, imasintha mapulezidenti a makalabu pa 1 July caka ciliconse. Round Table ya Louis Marchesi, yobadwila ku Norwich mu 1927, inaika lamulo lakuti ukafika zaka 40 ucoke, ngakhale kuti ku Britain anakweza malile kufika pa 45. Onse atatu aliko kuno ku Zambia. Ŵelengani mweka: pa zaka 10, kalabu yosintha caka na caka ikhoza kutulutsa anthu 10 amene anatsogolelapo. Ya chairman wamuyaya imatulutsa mmodzi, ndipo naye amakhala atatopa.

Si kuti makalabu amenewa ni angelo. Ndalama za umembala na za madina m'mahotela zimatsekela kunja mnyamata wa ku Kanyama kapena ku Chawama. Ndiponso mu 2020 Rotary inacotsa malile a zaka 30 mu Rotaract, gulu lake la acinyamata la mu 1968, n'kusiyila kalabu iliyonse kuti isankhe yokha. Kalabu imene siika malile isadabwe ikapeza kuti "wacinyamata" wa zaka 38 akali kupikisana na mwana wa first year ku UNZA. Koma lamulo losinthana mpando n'labwino, ndipo kulikopela sikufuna ngwee.

Madala amayankha kuti ana alibe experience, adzaononga bungwe. Mbili ya dziko lathu imawatsutsa. Mu 1946 Dauti Yamba, mphunzitsi wa ku Luanshya, anatsogolela kugwilizanitsa ma welfare society kukhala Federation of African Societies, ndipo mu 1948 bungwelo linasanduka Congress. M'timagulu totele ni mmene anthu anaphunzilila kulemba maminitsi, kusonkhetsa ndalama na kutsutsana na bwana DC. Kenneth Kaunda anakhala secretary general wa African National Congress mu 1953 ali na zaka 29. Pamene anakhala pulezidenti mu 1964 anali na zaka 40, msinkhu umene ku Round Table akanakhala akutsazika. Lelo munthu wa zaka 35 akuuzidwa kuti akali mwana kusunga ndalama za malilo.

Nkhawa yakuti nzelu zidzatayika ni yoona, koma mankhwala ake alipo. Sankhani wodzalowa m'malo kukali caka, azikhala pambali pa chairman. Wotsika akhale mu komiti caka cimodzi monga mlangizi. Maminitsi na malisiti azikhala m'faelo la bungwe, osati m'mutu kapena mu foni ya munthu mmodzi. Ngati bungwe lingagwe cifukwa munthu mmodzi watsika, ndiye kuti mwiniwakeyo anali kuyendetsa kantemba kake.

Manje kwa ise acinyamata. Timadandaula kwambili pa WhatsApp, koma tsiku la AGM sitioneka, ndipo ambili tili na nkhongole ya masabusikilipishoni, conco tilibe voti. Madala amapambana cifukwa amabwela, amalipila, ndipo amaŵelenga constitution. Lipilani, pemphani kope la constitution, muone cimene ikamba pa kusintha malamulo. Ndiyeno bweletsani mfundo zitatu: palibe kukhala pampando umodzi kupitilila materm aŵili, mu komiti mukhale malo a anthu osafika zaka 30 kuphatikizapo wa treasurer kapena waciŵili wake, ndipo lipoti la ndalama liziŵelengedwa pamaso pa onse miyezi itatu iliyonse.

Mukapambana, mayeso enieni adzabwela tsiku limene term yanu idzatha. Anzanu adzakunong'onezani kuti palibenso wina wonga inu. Ba Chairman amene mukufuna kucotsa lelo anauzidwa zimenezo, ndipo anakhulupilila.