Mkangano wa pa Manda a Giselle

Pakati pa anthu okonda gule wa ballet, amene amadzaza nyumba za zisudzo ku London, Paris, New York ndi Johannesburg, pali mkangano umene suzilala, ndipo umabuka mwatsopano nthawi iliyonse gulu la ovina likalengeza kuti libwezeretsa gule wakale pa nsanja. Ena amati gule wakale ndi cholowa cha makolo, kotero munthu asayerekeze kusuntha phazi kulichotsa pamene eni ake analipondetsa. Ena amati gule amene saloledwa kusintha watsala pang'ono kuikidwa m'manda, ngakhale amuveke nsalu zonyezimira chotani. Ine mtima wanga wapendekera kwa achiwiriwa, ngakhale sindivomereza zonse zimene amanena, ndipo mboni imene ndiitane pa bwalo ili ndi Giselle, gule amene mbali zonse ziwiri zimamulumbirira.

Giselle anaonekera koyamba ku Paris pa 28 June 1841. Nyimbo zake anapeka Adolphe Adam, mavinidwe ake analuka Jean Coralli ndi Jules Perrot, ndipo wovina woyamba kunyamula dzinalo anali Carlotta Grisi. Nthano yake ndi ya namwali wa kumudzi amene anakonda Albrecht, mwana wa banja lachifumu wodzibisa m'zovala za anthu wamba, osadziwa kuti mnyamatayo anali atatomera kale mkazi wina wa mtundu wake, dzina lake Bathilde. Chinyengocho chitaululidwa ndi Hilarion, mlonda wa nkhalango amene nayenso ankamufuna, namwaliyo mutu unasokonezeka ndipo anafa. M'gawo lachiwiri timamupeza ku manda, pakati pa mizimu ya anamwali amene anafa asanalowe m'banja, imene mfumukazi yawo Myrtha imailamula kuvinitsa mwamuna aliyense wosochera usiku kufikira moyo utamuthera. Hilarion amafa motero. Koma Albrecht, mwini chinyengo, Giselle amamutchinjiriza mpaka mbandakucha.

Tsono iwo amene amati tisunge Giselle monga analili pachiyambi ayambe atiuza kuti akunena Giselle uti. Mzinda wa Paris, umene unamubereka ndi kumuombera m'manja, unamutaya m'chaka cha 1868, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi sanavinidwenso m'nyumba yaikulu ya zisudzo ya mzindawo. Chikhala kuti ovina ndi aphunzitsi awo sanali anthu apaulendo, bwenzi lero tikungomuwerenga m'mabuku. Anapulumukira ku St Petersburg, kumene Perrot mwini wake anakagwira ntchito, ndi kumene Marius Petipa, Mfalansa wina wokhazikika ku Russia, anamukonzanso m'chaka cha 1884 ndiponso pambuyo pake, kuchotsa apa, kuwonjezera apo, monga anaonera kuti kuyenera ovina a masiku ake. Pamene gulu la Ballets Russes la Sergei Diaghilev linabwera naye ku Paris mu 1910, Tamara Karsavina ndi Vaslav Nijinsky ali patsogolo, Afalansa analandira kwa alendo mwana wawo yemwe, atakulira m'manja mwa ena ndi kutengera mayendedwe a kumeneko. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chimene ambiri lero amachitchula Giselle weniweni, nachitchinjiriza ndi ukali wonse, ndi ntchito ya munthu amene analimba mtima kukhudza za anzake.

Sindikunyoza amene amafukula zakale, pakuti ntchito yawo ndi yolemekezeka ndipo yatiphunzitsa zambiri. Ku St Petersburg mavinidwe a Petipa analembedwa ndi zizindikiro za Vladimir Stepanov. Nicholas Sergeyev anatuluka nawo mapepalawo m'dziko la Russia ufumu utagwa, nawagwiritsa ntchito ku London pokonza Giselle wa 1934 amene anavina Alicia Markova, ndipo lero akusungidwa ku yunivesite ya Harvard. Alexei Ratmansky, atasanthula mapepala amenewa pamodzi ndi zolembedwa zina zakale, anakonza Giselle ku nyumba ya zisudzo ya Bolshoi mu 2019, ndipo mu 2022 anamukonzanso ndi ovina a ku Ukraine othawa nkhondo amene anasonkhana ku The Hague. Mwa zimene anabwezeretsa muli mathero a pachiyambi, pamene Giselle, potsazika, amalozera Albrecht kwa Bathilde kuti abwerere kwa iye. Ndipo owonerera ambiri, amene anazolowera kuona Albrecht atatsala yekha pa manda, anadabwa kupeza kuti chakalecho ndicho chinawaonekera chachilendo. Komabe pepala lili ndi malire ake. Lingathe kunena kuti phazi lipite uku ndi mkono uko, koma kulemera kwa mutu woweramitsidwa ndi chisoni, kapena kamphindi kamene wovina amadikira asanatembenuke, zimenezo zimachoka m'thupi la mphunzitsi kulowa m'thupi la wophunzira, monga momwe namkungwi amaperekera mwambo kwa anamwali popanda buku. N'chifukwa chake anthu a ku London amene anaona Galina Ulanova akuvina Giselle mu 1956, ali ndi zaka 46, ankamukamba kufikira ukalamba wawo, chikhalirecho mapazi amene anaponda anali omwewo amene ena anaponda iye asanabwere.

Ngati tsono Giselle wakhala akusintha m'manja mwa mbadwo uliwonse, n'chifukwa ninji tikanize a mbadwo uno? Mu 1984 gulu la Dance Theatre of Harlem la Arthur Mitchell linasamutsira nthanoyi ku Louisiana, pakati pa anthu akuda omasulidwa ku ukapolo, mavinidwe ake osawasintha kwenikweni. Mu 2016 Akram Khan anapekera English National Ballet Giselle wa anthu osamukira kwina, ogwira ntchito m'fakitale yosoka zovala, otsekeredwa kunja kwa khoma lalikulu. Koma amene ndifuna kukhalitsa pa iye ndi Dada Masilo, mwana wa ku Soweto, amene mu 2017 anaika nthanoyi m'mudzi wa ku South Africa, ovina ali osavala nsapato, nyimbo zatsopano atapeka Philip Miller. Mu Giselle wa Masilo, Myrtha ndi sing'anga wonyamula litchowa. Mizimu, imene kale inkavala zoyera ngati akwatibwi, yavala zofiira, ndipo muli amuna ndi akazi omwe, pakuti chinyengo sichisankha. Ndipo chachikulu koposa, Giselle sakhululuka. Albrecht amafa.

Apa ndi pamene okonda zakale amapsa mtima, nati Masilo anachotsa mtima weniweni wa gule, umene ndi chikhululukiro choposa imfa. Mawu awo ndi olemera, ndipo ine sindine munthu wopeputsa chikhululukiro. Koma ndifunse: kwa zaka zonsezi tinayamba talingalira bwino za amene tikumupempha kuti akhululuke, ndi amene akupindula nacho? Wosauka wanyengedwa, wachititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse, wafa. Hilarion, amene mlandu wake unali kunena zoona, waphedwa popanda womuchonderera. Mwana wa mfumu wagona usiku umodzi wa mantha, kwacha, wabwerera ku chuma chake ndi kwa mkazi amene anamutomera. Masilo sanabweretse nkhanza imeneyi kuchokera kunja. Inalimo kale m'nthanomo, yophimbika ndi kukoma kwa nyimbo, ndipo iye anangovundukula. Munthu amene waona Giselle wake akabwerera kukaona wakale uja, chikhululukiro chija amachiona ndi maso ena, chifukwa tsopano akudziwa mtengo wake, ndiponso kuti namwaliyo akanatha kusankha njira ina.

Pali chenjezo limodzi limene ndiwavomereza otsutsa. Alipo opeka magule amene amabwereka dzina lotchuka kuti matikiti agulidwe, osalabadira kuphunzira chimene akuchigwetsa, ndipo ntchito zawo zimafota nyengo isanathe. Masilo sanali wotero. Ballet anaiphunzira kuyambira ubwana ku Johannesburg, napitiriza maphunziro ku Brussels, ndipo chimene ankatsutsana nacho ankachidziwa m'mafupa ake. Ndiponso nkofunika kuti Giselle wa Petipa azivinidwabe, ndi oimba amoyo ndi ovina ophunzitsidwa mosathamanga, pakuti yankho silimveka pamene funso laiwalika. Amene ayenera kudzudzulidwa ndi magulu oyendayenda amene amazungulira mizinda ndi magule awiri kapena atatu omwewo chaka ndi chaka, nyimbo zikuchokera m'makina, ovina atatopa ndi ulendo, naatchula zimenezo kusunga mwambo.

Dada Masilo anamwalira mu December 2024 ali ndi zaka 39 zokha, ndipo tsopano Giselle wake, pamodzi ndi Swan Lake wake wa 2010, walowa m'gulu la magule amene mwini wake kulibe. Mafilimu alipo, koma chimene iye ankafuna pa kugwedeza kulikonse kwa phewa chili m'matupi a amuna ndi akazi amene anavina naye, ndipo moyo wa wovina pa nsanja ndi waufupi. Atsogoleri a magulu a ballet, a ku South Africa poyamba ndi a kutsidya kwa nyanja omwe, awaitane anthu amenewa akadali ndi mphamvu, awalipire moyenera, ndipo awapatse achinyamata oti awaphunzitse.